Tsiku Limene Ndinayenda Pambuyo pa Mwana Wanga

Ine ndinabadwa ndi phuma, ndipo sindibisa. Amayi anga ankati ndinatuluka azamba asanamalize kusamba m'manja. Ntchito imene ndinaipeza nditakula inali yofunanso phuma lomwelo. Ndinkapikula nsomba pagombe asodzi akangokocheza, n'kumakagulitsa m'makomo dzuwa lisanazifewetse. Pa ntchito imeneyi wofika mochedwa amapeza mamba okhaokha, choncho miyendo yanga inazolowera kuyenda ngati kumbuyo kukubwera moto.

Nthawi imene ndikunenayi ndinali ndi ana atatu. Woyamba anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, wachiwiri mnyamata wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo wachitatu anali wakhanda wa kumsana. Mtsikanayo ali ndi zaka ziwiri anadwala kwambiri, thupi kutentha masiku angapo, ndipo kuchipatala anati ndi poliyo. Anachira, koma mwendo wamanzere unatsalira, wowonda ngati mthiko. Poyenda ankakanikiza dzanja pamwamba pa bondo kuti lisapindike.

Kwathu kuno njira ndi zing'onozing'ono, zodutsa m'minda ya chinangwa, ndipo timayenda mondondozana, wamkulu patsogolo, ana pambuyo. Umu ndi mmene ndinakulira, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake. Ndiye ulendo uliwonse ine ndinkakhala patsogolo, beseni pamutu, mwana kumsana, enawo akubwera. Tikayenda pang'ono ndinkangomva kuti khu! kumbuyo. Ndikacheuka, mtsikana uja ali pansi, mawondo ali magazi. Ndinkamudzutsa, kumusasa mchenga, kumukalipira pang'ono, n'kupitiriza. Zipsera za m'mawondo mwake sizinkapola n'komwe, china chisanaume chinkabwera china.

Chaka chimene matipate, ndale za zipani zambiri zija, analowa, boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ikhala yaulere. Mudzi wonse unatekeseka. Ngakhale anyamata a ndevu zoyamba kumera, amene anali atazolowera kukoka makoka, ankati akalembetsa. Koma sukulu yathu inali kutali. Unkadutsa mchenga wa pagombe, kenako minda, kenako dambo la mpunga lomwe tinkaoloka pa mitengo iwiri yogoneka. Ine ndinaganiza ndekha mumtima kuti mnyamata apita, koma mtsikana atsala, azindisungira wakhanda. Mwana wogwa paulendo wopita kwa azakhali ake angathe bwanji njira imeneyo tsiku ndi tsiku? Bambo awo, amene nthawi zambiri ankakhala ku Chia kopha nsomba, nditawafunsa anangoti, "Iwe ndi amene umayenda naye, ukudziwa ndiwe."

Mtsikanayo sanali wolongolola. Anatola pepala la pulasitiki la shuga, analichapa, analiyanika pampanda, kenako anaikamo kachidutswa ka pensulo komwe sindikudziwa anakapeza kuti. Chimenecho ndiye chinali chikwama chake cha sukulu. Anachipachika pamsomali pafupi ndi mphasa yake. Ndinachiona, koma ndinakhala ngati sindinachione. Kulembetsa kunali kutha Lachisanu, ndipo ndinkangodikira kuti tsikulo lidutse, nkhani ife yokha.

Lachitatu la sabata imeneyo ndinali ndi chambo chabwino choti ndikapereke kwa asisitere. Chakumpoto kwa mudzi wathu kunali nyumba yawo, kumene Akhristu ankabwera kudzabindikira, kukhala masiku angapo akupemphera mwakachetechete. Alendo akachuluka ankafuna nsomba zambiri, ndipo ophika awo ankandidziwa. Masiku onse ana ndinkawasiya kwa alamu anga, azakhali awo, koma tsiku limenelo alamuwo anali atalawirira ku boma ku msonkhano wa chipani, chifukwa anamva kuti kukagawidwa nsalu. Masiku amenewo munthu ankatha kuvina m'misonkhano ya zipani zitatu mwezi umodzi, n'kubwerako ndi nsalu zitatu, za kumtima kwake osauza munthu. Ndinatukwana chamumtima, n'kutenga ana onse atatu.

Panjira mtsikana anagwa kawiri. Kachiwiriko kanali pafupi ndi dambo, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo, ine ndikuganiza za nsomba zili pamutu. Ndinatembenuka ndili ndi ukali.

"Waona? Apa pokha wagwa kawiri. Ndiye sukulu ungakafike iwe? Iwala zimenezo, mwana wanga. Apita mlongo wako, iwe uzindisungira mwana kunyumba."

Aka kanali koyamba kumuuza maso ndi maso. Sanalire. Anathothola tsamba la chinangwa, anapukuta bondo, anadzuka. Tinapitiriza ulendo, ine patsogolo.

Titafika tinapeza kukhitchini kotseka. Ophika anali atapita kuchigayo, ndipo tinauzidwa kuti tidikire. Ndinatula beseni pansi pa mtengo wa mango, ndinavundikira nsomba ndi chiguduli chonyowa, n'kukhala pansi ndikudziguguda.

Pafupi ndi mitengo ya mangoyo panali chinthu chimene amayi a m'mudzi tinkachitcha nkhata ya asisitere. Inali miyala ya kunyanja yopakidwa laimu, yondandalikidwa pansi m'mizere yozungulira, mzere wina mkati mwa unzake, monga mmene timapindira nsalu popanga nkhata yosenzera. Kukula kwake kunali ngati bwalo lopunthirapo mpunga. Pakati penipeni panali mwala umodzi waphanthiphanthi, ndipo pakati pa mizereyo panali kanjira kosesedwa bwino, kokwana munthu mmodzi. Anthu ankanena zambiri. Ena ankati ndi chizindikiro cha chipani china chimene sichinatulukire poyera. Ena ankati ndi mankhwala a akuba, oti wakuba akalowa azingozungulira mpaka mwini wake adzamupeze. Ine ndinkakhulupirira pang'ono za akubazo, ngakhale sindinabepo kanthu, ndipo nthawi zonse ndinkailambalala patali.

Mnyamata wanga sankadziwa zimenezo. Ndisanapume n'komwe, ndinangoona ali mkati, akudumpha mizere ngati mbuzi.

"Iwe! Tuluka mmenemo msanga, usanditengere milandu!"

Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti munali munthu. Asisitere ena achikulire, aafupi, ovala nsapato za pulasitiki, anali atagwada chakumapeto akuzula udzu pakati pa miyala ndi kampeni. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno. Kalankhulidwe kawo kanali ka kumpoto, cha ku Dwangwa uko.

"Msiyeni, amayi. Nkhatayi ndinaiyalira anthu oyenda, ndipo mwana naye ndi munthu."

Titapatsana moni ndinawafunsa mosabisa ngati zinali zoona kuti ndi mankhwala a akuba. Anaseka mpaka kutsokomola. Atapeza mpweya anandifotokozera. Anati anaiona kunja kumene anatumizidwa kukaphunzira ali achitsikana, ndipo atakalamba anaganiza zoyala yawo. Njira ndi imodzi yokha, ilibe mphambano. Umalowa pakhomo apa, umaitsata mmene ikukhoteramo mpaka ikufikitse pamwala wa pakati, kenako umabwerera momwemo. Anthu amayenda pang'onopang'ono akupemphera, kapena akusinkhasinkha chimene chikuwavuta. Kusochera sungasochere.

"Koma ine ndine Msilamu, asisitere," ndinatero.

"Ndikudziwa. Simubwera Lachisanu. Mulungu mukamutchule mmene mumamutchulira kwanu. Malamulo anga ndi awiri okha: osadumpha miyala, ndiponso osapitirira mnzako amene ali patsogolo."

Ndinayang'ana mwala wa pakati uja. Unali pomwepa, munthu akanatha kuulavulira.

"Ndiye mwala uli apa, ine ndiyambe kuzungulira ngati galu wofuna pogona? Asisitere, ena tili ndi ntchito. Nsomba zanga zikufewa."

"Nsombazo ndigula ndine. Zikafewa mlandu ndi wanga."

Anamuitana mnyamata uja, anamusonyeza khomo, ndipo iye analiyatsa liwiro, fumbi koboo, akukuwa pokhota paliponse. Mtsikana anali ataima pambali panga akuyang'ana. Ndinamuuza kuti akhale pansi, wagwa kale mokwanira lero. Sanandiyang'ane. Anayang'ana mayi wachilendo uja.

"Asisitere, nanenso?"

"Iwenso, mwanawe."

Zinandiwawa kuti wapempha kwa munthu wina ine ndili pomwepo. Ndisanamuletse, anali atalowa kale. Ndinaona miyala ija ili mbali zonse ziwiri, ndinaganiza za mutu wake ukamenya pamwala, ndipo ndinadzambatuka n'kumutsatira kuti akamagwa ndimuwakhe. Za mankhwala a akuba ndinaiwala. Umu ndi mmene ndinapezekera pambuyo pa mwana wanga, mwana wina ali kumsana, m'kanjira kopanda popatukira.

Poyamba ndinkangopsa mtima. Mapazi ankandiyabwa. Phazi langa limodzi linali ake atatu, ndiye ndinkaponda, kuima, kuponda, kuima. Pokhota poyamba ndinakweza mwendo kuti ndidumphe mzere ndimupitirire, ndipo ndinamva asisitere akukonza kukhosi kumbuyo kwanga. Ndinaubweza mwendowo. Kanjirako nakonso kanali kachipongwe. Kanatitengera pafupi penipeni ndi mwala wa pakati, ine n'kumati tafika, kenako kanakhota n'kutibwezera kunja kwenikweni. Ndinadandaula mokweza. Mtsikana anaseka pang'ono osacheuka.

Popeza panalibe china choti ndiyang'ane, ndinayamba kuyang'ana iyeyo. Zaka zisanu ndi chimodzi chiyambire kudwala kwake, ndinali ndisanamuonepo akuyenda. Ndinkamuona akubwera kwa ine, ndinkamuona atagwa, koma kuyenda kwenikweniko, mmene amachitira, ayi. Ankayamba wayang'ana pansi, kusankha polimba. Akatero ankaponya mwendo wowonda uja, kuukhazika, kukanikiza bondo ndi dzanja, kenako n'kudutsitsa mwendo wabwino. Pakati pake ankapuma kamphindi kochepa kwambiri. Pokhota ankazungulira pa chidendene cha mwendo wabwino, mwaluso, ngati wovina. Ndinamvanso kuti akung'ung'udza kanyimbo ka ku madarasa, ndipo phazi lililonse linkagwera pa mawu ake. Munthuyu anali ndi kayendedwe kake, kokonzedwa bwino, kamene anakapeza yekha popanda womuphunzitsa.

Kenako ndinaona chigamba. Pa diresi lake, pantchafu yamanzere, panali chigamba chimene ndinasoka ndekha. Malo amenewo ndinali nditawasoka katatu, ndipo katatu konse ndinamukalipira kuti amang'amba zovala chifukwa chokhala paliponse. Tsopano ndinaona dzanja lake likugwera pachigamba pomwepo, phazi lililonse, osaphonya. Nsaluyo inkatha ndi kuyenda.

Mnyamata anali atafika kale pakati. Anakwera pamwala, manja m'chiuno.

"Achemwali, fulumirani! Mukuchedwetsa anthu inu!"

Anali mawu anga enieni, ndi kakwezedwe kake komwe, akutuluka m'kamwa mwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, ndipo anadabwa chifukwa sankadziwa chimene walakwa.

Tinapitiriza. Manja anga anali chitambasulire kudikira kuti agwe. Tinakhota, tinabwerera, tinazungulira mbali ina, dzuwa likutiotcha m'khosi. Wakhanda anagona. Sindikudziwa kuti manja ndinawatsitsa nthawi yanji. Ndinangozindikira kuti phuma lija latsika, ndikupuma bwinobwino, ndipo mapazi anga akutsata kanyimbo kake. Kanjira kameneka, mukakatambasula, ndi kakatali kuposa mmene kamaonekera. Mwana uja anakayenda konse osapunthwa ngakhale kamodzi.

Pakati anakhala pamwala, thukuta lili kamukamu. Ine ndinaima, ndipo funso linangotuluka lokha.

"Nanga lero sunagwe bwanji?"

Anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Simunali kutsogolo, amayi."

"Ndiye zikusiyana pati?"

"Mukakhala kutsogolo ndimathamanga kuti musandisiye. Ndikathamanga, dzanja limachedwa, bondo limapindika."

"Ukakhala wekha?"

"Ndekha sindigwa." Anandiyang'ana, ngati akuyeza kuti ndimumenya kapena ayi. "Mukapita kogulitsa nsomba ndimawauza azakhali kuti ndikukatola nkhuni. Ndimapita kudambo, ndimaoloka pamitengo paja. Ndafikako kawiri kusukulu. Ndinagwira mpanda n'kubwerera."

Ndinakhala pansi, padothi pomwepo. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Zipsera zonse zija, zimene ndinkaziwerenga ngati umboni woti mwanayu sangayende, zinali za miyendo yanga. Ndinali pafupi kumutsekera m'nyumba moyo wake wonse chifukwa cha kugwa kumene ndinkamugwetsa ndine. Akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo mwambi umenewu timauza ana. Ine panalibe anandiuza kuti nawonso amayi angathe kuona mwendo wokha, mwana osamuona. Misozi inatsika, ndipo mnyamata anafunsa ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Pambuyo pa manyaziwo panabwera kuthokoza, kwakukulu. Linali Lachitatu. Lachisanu linali lisanafike. Ndinati Alhamdulillah, ndinabwerezanso, ndipo mtsikana ankangondiyang'ana, osadziwa ngati nkhani yake yaipa kapena yakoma.

"Pepala lako la shuga lija lilipo?" ndinamufunsa.

"Lilipo."

"Mawa ulitenge."

Asisitere anali atabwerera ku udzu wawo. Sindikudziwa ngati anamva. Titatuluka, momwe tinaloweramo, mtsikana patsogolo, asisiterewo sanandifunse kanthu ndipo sanandilalikire. Pa chimenechi ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa mmene ndinalili ine masiku amenewo, akanangoti atsegule pakamwa kundiphunzitsa kulera, ndikanawayankha zoti sakanaziiwala, ndipo mwina ndikanaumitsa mutu dala. Ophika atabwera anadinadina nsomba zija n'kukwinya nkhope, koma asisitere anati alandire zonse. Ana anawapatsa madzi ndi mabanzi.

Pobwerera ndinamuika patsogolo. Sizinali zophweka. Panjira yeniyeni palibe miyala yokuletsa, ndipo kangapo ndinapezeka ndili pambali pake, phewa litadutsa kale. Ndinkadzibweza ndekha. Pafupi ndi mudzi tinakumana ndi amayi awiri akuchokera kovuula chinangwa. Anapatuka, anatiyang'ana, mmodzi n'kugwira pakamwa.

"A-a! Lero akutsogolera ndi mwana? Matipate aja alowa mpaka m'mabanja?"

"Alowa," ndinatero. "Mwatsala ndinu."

Lachinayi sindinapite pagombe. Tinanyamuka m'mawa, iye patsogolo ndi pepala lake la shuga, mlongo wake pakati, ine kumapeto. Pamitengo ya padambo mtima unali m'mwamba, koma ndinaluma mlomo. Anaoloka chammbali, pang'onopang'ono, monga anali atachitira kale kawiri konse ine osadziwa. Kusukulu tinapeza ana ali mbwee pansi pa mitengo, aphunzitsi ataika tebulo panja. Atafika pa ife anayang'ana mwendo uja, kenako anayang'ana ine.

"Mumakhala kutsidya kwa dambo? Azitha kufika ameneyu, mayi?"

"Mufunseni mwini wake," ndinatero. "Njirayi amaidziwa kuposa ine."

Analemba mayina onse awiri. Sukulu itatsegulidwa ndinamuperekeza masabata awiri, nsomba za m'mawa zikundipita. Sabata yachitatu anandiuza mwaulemu kuti ndisiye, anzake akumuseka kuti amayenda ndi mlonda. Kuyambira pamenepo ankanyamuka yekha anzake onse asanasukusule, ndipo ankafika nawo limodzi belu likulira. Nthawi ya mvula dambo likadzaza ankajomba, ndipo ankalira ndi ukali umene ndinauzindikira kuti ndi wa kwathu.

Ndisaname kuti ndinasintha n'kukhala munthu wodekha. Phuma ndinakhala nalo, ana anapitiriza kukalipiridwa, ndipo alamu anga angachitire umboni. Chimene chinasintha ndi malo anga panjira basi. Ku nkhata kuja tinabwererako kangapo, ana akapempha, ndipo ndinkalowa nawo osanyinyirika kwambiri. Tsiku lina ndinawatengera asisitere kampango wamkulu, waulere. Anafunsa kuti ndi wa chiyani. Ndinalephera kufotokoza, ndinangoti ndi wa miyala. Patapita zaka anawasamutsira kwina chifukwa cha ukalamba, udzu unamera, ndipo miyala ija ndinamva kuti inathera pa maziko a khitchini yatsopano. Ndikawerenga anthu amene anandichitira zabwino pa moyo wanga, mayi ameneyu amakhala koyambirira, pamodzi ndi ophika amene anachedwa kuchigayo, ndi alamu anga amene anakonda nsalu yaulere kuposa kundisungira ana.

Mtsikana uja lero ndi mayi wa ana ake, ndipo amagwira ntchito ya muofesi ku boma. Ine mawondo anatha. Mchenga umene ndinkauthamanga uja unabwera kudzatenga zake, ndipo tsopano ndimayenda ndi ndodo. Mwezi wathawu anabwera kudzanditenga kuti tipite kuchipatala, ndipo kuchoka pakhomo kukafika pamsewu pamene pamaima minibasi, kanjira ndi komwe kaja ka m'chinangwa. Anandiika patsogolo. Ndinkamumva kumbuyo kwanga, phazi, dzanja pabondo, phazi, akudikira ine. Zinandinyansa.

"Pita patsogolo iwe, ndikukuchedwetsa. Ukaimitse minibasi."

"Ayi, amayi. Mukandiona kutsogolo muyamba kuthamanga. Ndimakudziwani."

Ndinayang'ana pansi, ndinasankha polimba, n'kuika ndodo. Minibasi yoyamba inatidutsa tikadali m'chinangwa, ndipo tinakwera yachiwiri.